Dokotala wa opaleshoni ya maso: mafunso amene anthu a ku Zomba amafunsa kawirikawiri

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amamveka pa benchi ya kuchipatala, m'minibasi yochokera ku Jali kapena ku Thondwe, ndi m'makomo momwe muli agogo amene anasiya kupita kumunda chifukwa maso anachita mdima. Ena ndi a makolo amene ana awo akufuna kudzagwira ntchitoyi. Mayankhowa ndi okuthandizani kumvetsa zimene zimachitika, koma diso lanu liyenerabe kuonedwa ndi munthu wophunzira ntchitoyo.

Aliyense ku chipatala cha maso timangomuti "adokotala". Kodi onse amachita opaleshoni?

Ayi. Amene mumayamba kukumana naye nthawi zambiri ndi kiliniko ofesa wa maso. Ameneyu anaphunzira ntchito ya ukiliniko ofesa n'kuwonjezera maphunziro a maso okhaokha, ndipo ambiri a iwo anadzera ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Amapima, amalemba mankhwala, amachotsa zitsotso zokanirira m'diso, amachita maopaleshoni ang'onoang'ono a zikope. Ena mwa iwo anaphunzitsidwanso mwapadera kuchotsa ng'ala. Palinso woyeza maso ndi kulemba magalasi, ntchito imene imaphunzitsidwa ku Mzuzu University. Palinso anamwino a maso amene amasamala wodi ndi fiyeta.

Dokotala wa opaleshoni ya maso ndi amene anamaliza udokotala wa thupi lonse kenako n'kuthera zaka zina pa diso lokha. Ndiye amene amalandira matenda amene akanika kwa enawa, ndipo ndiye amene amagamula ngati diso lichitidwe opaleshoni kapena lisiyidwe. Anthu oterewa m'Malawi muno ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chathu, choncho musakhumudwe mukaonedwa ndi kiliniko ofesa. Matenda ambiri a maso amathera m'manja mwake momwemo.

Amaphunzira zaka zingati?

Zoposa 11 kuchokera pamene walemba MSCE. Ku Kamuzu University of Health Sciences, imene gawo lake la udokotala mpaka 2021 linkadziwika kuti College of Medicine ku Blantyre, ambiri amayamba ndi chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za udokotala. Akamaliza amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu kwa miyezi 18 asanalembedwe mokwanira m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Za maso zimabwera pambuyo pake, zaka zina 4. Ena amapitiriranso kunja kukaphunzira mbali imodzi yokha, monga maso a ana, retina (chikopa cha m'kati kuseri kwa diso) kapena glaucoma (matenda opha mtsempha wa diso).

Njirayi anatsegula ndi malemu Pulofesa Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa maso, amene anadzakhalanso nduna ya zaumoyo mu 2009. Makiliniko ofesa a maso ambiri a m'dziko muno ndi m'mayiko oyandikana nafe anadzera m'maphunziro amene iye anathandiza kukhazikitsa ku Lilongwe.

Ng'ala ndi chiyani kwenikweni? Ndi kachikopa komera pamwamba pa diso?

Ambiri amaganiza choncho, koma ng'ala ili m'kati. Kuseri kwa mwana wa diso kuli lenzi, kagalasi kachibadwa kamene kamasonkhanitsa kuwala kuti munthu aone bwino. Munthu akamakula kagalasika kamayamba kuchita mbuu, mpaka kuyereratu. Woyamba kudandaula ndi mwini wake: akuona mwachimbuuzi, dzuwa likumuthobwa, magetsi a galimoto usiku akumuphimba, nkhope za zidzukulu sakuzizindikira mpaka zilankhule. Nthawi imene achibale adzaone choyera pa mwana wa diso, ng'alayo imakhala itapita patali.

Ukalamba ndiye gwero lalikulu, koma matenda a shuga, kuvulala kwa diso, fodya ndi kugwiritsa ntchito mankhwala a steroid (ochepetsa kutupa ndi kuyabwa) nthawi yaitali zimaifulumizitsa. Si yopatsirana, si yolodzedwa, ndipo palibe mankhwala odontheza, zitsamba kapena chakudya chimene chingaisungunule. Pa zinthu zonse zochititsa anthu kusaona padziko lapansi, ng'ala ndiyo ili patsogolo. Chowawa n'chakuti ndiyonso imene imachizika mosavuta kuposa zinzake.

Nanga opaleshoni yake imayenda bwanji?

Tsiku lisanafike amayeza diso kuti adziwe mphamvu ya lenzi imene adzaikemo, amayezanso shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Pa tsikulo amadontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, kenako amabaya jakisoni wa dzanzi m'mbali mwa diso. Simugonekedwa tulo. Mumamva zonse zimene akulankhula, koma diso silimva kuwawa.

Dokotala amakhala pansi chakumutu kwanu, maso ake ali pa makina okulitsa zinthu. Njira yofala m'zipatala zathu ndi yocheka kamsewu ka mamilimita 6 kapena 7 m'mbali yoyera ya diso, kochekedwa mopendekeka kuti kadzitseke kokha popanda ulusi. Lenzi yachibadwa imakhala m'kathumba kopyapyala kwambiri. Iye amang'amba kutsogolo kwa kathumbako mozungulira, n'kutulutsa lenzi yoyerayo, n'kutsuka zotsalira, koma kuseri kwa kathumbako ayenera kukusiya kwathunthu chifukwa ndi pamene lenzi yatsopano ikakhale. Luso lonse lagona pamenepo. Dzanja likangotsetsereka pang'ono kathumbako kamabooka, ntchito ya mphindi 15 n'kusanduka ya ola lathunthu. N'chifukwa chake ophunzira amayamba ndi maso a ziweto ndi maso opanga, kwa miyezi, asanakhudze diso la munthu.

Njira ina ndi ya makina otchedwa phaco, amene anayambitsa Charles Kelman mu 1967. Makinawa amaphwanya ng'ala m'kati momwemo n'kuiyamwa kudzera pa kabowo ka mamilimita 2 kapena 3. Ndi njira yabwino, koma makina ake ndi okwera mtengo, ndipo ng'ala zolimba kwambiri, zimene zimachuluka kuno chifukwa anthu amafika mochedwa, zimatuluka bwino ndi njira yoyamba ija. Musaganize kuti mwapatsidwa chithandizo choperewera chifukwa choti sanagwiritse makinawo.

Lenzi imene amaikamo ndi ya pulasitiki yapadera ndipo imakhala moyo wanu wonse. Woyamba kuiika m'diso la munthu anali Harold Ridley ku London mu 1949, ataona kuti oyendetsa ndege za nkhondo amene tizidutswa ta pulasitiki tinawalowa m'maso, maso awo sankatikana. Kwa zaka zambiri malenziwa anali a anthu olemera okha, mpaka mafakitale a ku India, Nepal ndi Eritrea atayamba kuwapanga motchipa m'zaka za m'ma 1990. Achikulire akukumbukira magalasi ochindikala aja amene agogo ankavala akachotsedwa ng'ala kale. Amenewo anatha chifukwa cha lenzi imeneyi.

Ndinamva kuti amatulutsa diso n'kuliika pa mbale, ena akuti amaikamo la mbuzi.

Ndi bodza, ndipo bodza limeneli lasunga agogo ambiri mu mdima. Diso linalumikizidwa ku ubongo ndi mtsempha umene ukaduka sulumikizika. Silituluka m'malo mwake ngakhale pang'ono. Diso limachotsedwa pokhapokha ngati lili ndi khansa, kapena laphulika kapena kuola moti silingapulumuke, ndipo zimenezo amakambirana nanu kaye mpaka musaine. Chimene amaika pamalopo pambuyo pake ndi diso lopanga longokongoletsa nkhope, siliona.

Amayi anga akalamba kwambiri. Kodi n'koyenera kuwavutitsa?

Funsani amayiwo, osati kuwagamulira. Ukalamba paokha suletsa opaleshoniyi chifukwa munthu sagonekedwa tulo. Chofunika n'choti athe kugona chagada osagwedeza mutu kwa mphindi zingapo, ndipo ngati ali ndi chifuwa, shuga wokwera kapena BP, zimenezo zikonzedwe kaye. Mawu oti "ndi ukalamba basi" amapweteka kuwamva. Munthu wosaona amagwa, amapsa pamoto, amasiya kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, ndipo kawirikawiri pamakhala mdzukulu, makamaka mtsikana, amene akujomba kusukulu kuti aziwatsogolera. Opaleshoni imodzi imamasula anthu awiri.

Anandiuza kuti ndidikire ng'ala ikhwime kaye. Ndi zoona?

Limenelo ndi langizo la kale, la nthawi imene lenzi inkazulidwa yonse ndi kathumba kake. Masiku ano nthawi yabwino ndi pamene ng'ala yayamba kukulepheretsani ntchito yanu. Telala wa mumsika wa Zomba kapena dalaivala adzaifuna msanga kusiyana ndi munthu amene ntchito yake siifuna kuona tinthu ting'onoting'ono. Ng'ala yosiyidwa zaka zambiri imatha kutupa kapena kuchucha m'kati, diso n'kupweteka koopsa, mtsempha n'kuwonongeka osabwereranso.

Ndikatuluka m'fiyeta ndisamale chiyani?

Bandeji amachotsa m'mawa mwake. Ambiri amayamba kuona pomwepo, ngakhale diso limatenga milungu ingapo kuti likhazikike. Donthezani mankhwala monga mwauzidwira, mutasamba m'manja, botolo lisakhudze diso. Musatikite diso. Kwa milungu yoyambirira pewani utsi wa m'khitchini, fumbi la kupeta ndi kusesa, kunyamula mitolo ndi zidebe, ndiponso madzi akuda kumaso. Bwererani pa masiku amene alembedwa m'kabuku kanu ngakhale mukuona bwino. Ambiri amafunabe magalasi owerengera pambuyo pake, ndipo zimenezo si vuto.

Diso likayamba kuwawa kwambiri, kufiira, kutulutsa manthongo, kapena kuona kukayamba kuchepa pamene kunali bwino, pitani tsiku lomwelo, kaya ndi Lamlungu. Tizilombo tikalowa m'kati mwa diso timawononga m'maola owerengeka. Koma kuona kukayamba kuchepa pang'onopang'ono patapita miyezi kapena zaka, nthawi zambiri kamakhala kathumba kaja kachita mbuu. Ng'ala sibwereranso. Kathumbako amakaboola ndi kuwala kwa leza, popanda kucheka.

Mnansi wathu anapita kuchipatala koma anamubweza kuti opaleshoni singathandize. Ena anachitidwa koma sakuonabe. Chifukwa chiyani?

Chifukwa si mdima wonse umene uli ng'ala. Wina amakhala ndi ng'ala kutsogolo, pamene kuseri mtsempha unafa kale. Dokotala wabwino amadziwika ndi kudziwa diso limene sayenera kulicheka, ndiponso ndi kukuuzani zoona musanagone pa bedi la fiyeta.

Chimene chimapha mtsempha kawirikawiri ndi glaucoma. M'diso mumapangidwa madzi amene amayenera kutuluka kudzera m'tinjira ting'onoting'ono. Tinjirato tikamakana, mphamvu ya m'diso imakwera kupitirira mulingo wake, umene nthawi zambiri umakhala pakati pa 10 ndi 21 pa chipangizo choyezera, ndipo mtsempha umafa pang'onopang'ono. Imadya ngati chiswe m'nsanamira: kunja diso looneka bwinobwino, losawawa, losafiira. Imayamba ndi kuona kwa m'mbali, munthu n'kumangogunda zitseko ndi njinga osadziwa chifukwa chake. Anthu akuda imatigwira kwambiri, imatiyamba tili aang'ono kusiyana ndi azungu, ndipo imayenda m'magazi. Ngati bambo anu, amayi anu kapena mbale wanu wa bere limodzi anasiya kuona popanda choyera m'diso, kayezetseni, ndipo aliyense amene wakwana zaka 40 ayenera kuyezetsa ngakhale akuona bwino.

Zimene glaucoma yatenga sizibwerera. Mankhwala odontheza monga timolol, amene munthu amadontheza moyo wake wonse, ndi opaleshoni yotsegula kanjira katsopano ka madzi, ntchito yake ndi kuteteza zotsala. Apa ndi pamene anthu amakhumudwa, amati anandichita opaleshoni koma sindikuona kusintha. Kusasinthako ndiko kupambana kwake. Ngati muli ndi mphumu kapena vuto la mtima, nenani asanakulembereni timolol.

Ndili ndi shuga koma ndikuona bwino. Ndikayezetse chiyani?

Retina, chikopa cha m'kati kuseri kwa diso chimene chimalandira kuwala. Shuga amafooketsa timitsempha ta magazi ta pamenepo, timayamba kuchucha, kenako kumamera tina tosalimba timene timaphulika. Zonsezi zimayamba munthu akuonabe. Pemphani kuti akuoneni kuseri kwa diso kamodzi pa chaka, atakulitsa mwana wa diso ndi mankhwala. Zikapezeka msanga, leza ndi majakisoni a m'diso zimathandiza. Tsiku limenelo musayendetse galimoto kapena njinga yamoto pobwerera, chifukwa maso amakhala akuthobwa kwa maola angapo.

Mwana wanga ali ndi choyera pa mwana wa diso. Azakhali ake akuti chidzatha akamakula.

Sichidzatha, ndipo musadikire mwezi wamawa. Zingakhale zinthu ziwiri. Choyamba ndi ng'ala yobadwa nayo. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona m'miyezi ndi zaka zoyambirira, choncho ng'ala ikachotsedwa mochedwa diso limakhala labwinobwino koma ubongo sunaphunzire kuligwiritsa ntchito. Chachiwiri ndi khansa ya retina yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira ana osakwana zaka 5. Nthawi zina imayamba kuoneka pa chithunzi cha pafoni, diso limodzi likuwala moyera. Ikapezeka ili m'kati mwa diso mwana amachira. Ikatulukira kunja imapha. Ana amagonekedwa tulo pa opaleshoni, ndipo nthawi zambiri amatumizidwa ku Lions Sight First Eye Hospital ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Diso lopenyera kumbali nalonso lisanyozedwe kuti ndi chibadwa.

Nsidze zikulowa m'diso, ndimangozizula. Pali chithandizo?

Chilipo. Nthawi zambiri ndi zipsera za trachoma, nthenda ya maso yopatsirana imene munadwala muli mwana, zimene zimakoka chikope kuti chipindikire m'kati. Nsidze zozulidwa zimameranso zolimba n'kumakanda galasi la kunja kwa diso mpaka kuliyeretsa. Opaleshoni yake ndi yaifupi, yotembenuza chikope, ndipo makiliniko ofesa a maso amaichita. Mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la dziko, woyamba kum'mwera kwa Africa, patatha zaka za kugawa mankhwala a azithromycin, kuchita maopaleshoni m'midzi ndi kulimbikitsa kusamba kumaso ndi zimbudzi. Koma achikulire amene anali kale ndi zipsera adakalipo.

Bwanji inu a chipatala mumakaniza mankhwala achikuda ndi odontheza ogula patokha?

Chifukwa mbali yakutsogolo ya diso ndi yosachedwa kupsa. Madzi a masamba, mkodzo, mkaka wa m'mawere, shuga, mandimu, zonsezi zimawotcha kapena kulowetsa tizilombo, ndipo diso lofiira limene likanachira lokha m'masiku ochepa limasanduka chilonda. Chilonda chikapola chimasiya chipsera choyera chimene opaleshoni ya ng'ala singachotse. Sitikunyoza asing'anga. M'zaka za m'ma 1990 ku Chikwawa, ogwira ntchito za maso anakhala nawo pansi n'kugwirizana kuti azitumiza odwala ng'ala kuchipatala ndi kusiya kuthira zinthu m'maso, ndipo ambiri anamva.

Oopsa ena ndi odontheza okhala ndi steroid monga dexamethasone. Amaziziritsa kuyabwa msanga, kholo n'kumangogulira mwana botolo ndi botolo. M'kati akukweza mphamvu ya diso, akubweretsa ng'ala, ndipo pa chilonda amakolezera. Musadontheze amenewa popanda wakuchipatala kukuonani, ndipo musabwereke botolo la mnzanu.

Diso likavulala ndichite chiyani ndisanafike kuchipatala?

Ngati ndi laimu, simenti, asidi wa batire, mankhwala a kumunda kapena malovu a njoka, tsukani ndi madzi oyera ambiri pomwepo, kwa mphindi zosachepera 15, musanayambe kufuna kabaza. Ngati ndi chinthu cholasa monga waya, msomali, mwala wa legeni kapena mbedza kwa asodzi a ku Kachulu, musatsuke, musazule, musafinye. Phimbani ndi chinthu cholimba chosakhudza diso, monga kapu ya pulasitiki yodula pansi, wodwalayo asadye kanthu chifukwa angafunike kugonekedwa tulo, n'kunyamuka. Nthawi yokolola samalani ndi tsamba la chimanga kapena mpunga lokanda diso. Kabala kake kamaoneka kachabechabe, koma kamalowetsa nkhungu imene imavuta kwambiri kuchiza.

Pa choyera cha diso pamera kanyama. Ndi khansa?

Zambiri si khansa, ndi kanyama kobwera ndi dzuwa, fumbi ndi mphepo. Koma kuno kwathu kulinso khansa ya pamwamba pa diso imene imapezeka kwambiri mwa anthu amene ali ndi HIV. Kanyama kokula msanga, kotukuka, kokhala ndi choyera chouma pamwamba kapena mitsempha yaikulu yopita pamenepo, kaonetseni. Kakadali kakang'ono amakadula diso n'kutsala. Akakupemphani kuyezetsa magazi musadabwe.

Mwana wanga ali fomu 3 ndipo akufuna ntchito imeneyi. Ndimuuze chiyani?

Alimbikire Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi, chifukwa malo a udokotala ndi ochepa ndipo amalimbirana ndi dziko lonse. Mfundo zikapanda kukwana asataye mtima, njira ya ukiliniko ofesa, unamwino kapena kuyeza maso imafikitsanso pa ntchito yomweyi. Adziwenso kuti nzeru za m'kalasi pazokha sizikwanira. Pamafunika maso awiri oona bwino, manja osanjenjemera, ndi mtima wotha kukhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wodwala wa nambala 20 n'kumusamala ngati woyamba. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamafunikanso lilime lotha kufotokozera agogo m'Chichewa kapena m'Chiyao chomveka, makamaka tsiku limene uthenga wake ndi woti diso silibwerera.

Ndipo asaganize kuti za maso zonse zimatulukiridwa kunja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dokotala wa maso Susan Lewallen ndi anzake ku Queen Elizabeth anapeza kuti ana okomoka ndi malungo aakulu amakhala ndi zizindikiro zapadera pa retina. Lero madokotala a m'mayiko ambiri amayang'ana kuseri kwa diso pofuna kutsimikiza ngati chakomola mwana ndi malungodi.

Ndiyambire pati, ndipo ndikonze ndalama zingati?

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, kaya ndi ku Matawale, Domasi, Mayaka kapena Chingale, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Iwo adzakulemberani kalata yopita ku Zomba Central Hospital, kumene kuli gawo la maso lolandiranso odwala ochokera ku Machinga, Mangochi ndi Balaka. Funsaninso za masiku amene a maso amayendera zipatala za kumidzi. M'zipatala za boma kuonedwa ndi opaleshoni n'zaulere, koma konzani ya thiransipoti yopita ndi yobwererako kukaonedwanso, ya chakudya cha gadiyani, ndi ya magalasi kapena mankhwala ngati atha m'famase. Zipatala za mishoni, monga Nkhoma imene imadziwika ndi za maso, ndi zipatala za anthu wamba zimalipiritsa, choncho funsani mtengo musanapite.

Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, magalasi amene mukuvala, ndi mabotolo onse a zimene mwakhala mukudontheza kapena kumwa, ngakhale za kwa asing'anga. Fikani m'mawa, muli ndi munthu wokuperekezani, ndipo konzekani kuti mwina mugona konko usiku umodzi kapena uwiri.